Mafunso ndi mayankho: kukaona mbalame za m'nyanja yamchere pa zisa zake

Chibwerereni ku zilumba za Seychelles, m'nyanja ya Indian Ocean, mafunso sakutha. Kuntchito, kutchalitchi, ngakhale pamzere wa mafuta. Ena amafunsa ndi chidwi chenicheni, ena mondiseka. Alamu anga a ku Kawale anachita kuomba m'manja: "Alamu, ndalama zonsezo kukaonera mbalame? Kodi mpheta za ku Lingadzi zatha?" Ndiye ndati ndiyankhe pamodzi, ndileke kubwereza nkhani imodzimodzi kwa aliyense.

Mbalame zake ndi ziti zimene kuno kulibe?

Ndi mbalame zimene moyo wake wonse uli panyanja yamchere. Zimadya komweko, zambiri zimagona komweko, ndipo pamtunda zimabwera makamaka kudzaikira ndi kulera ana. Dziko lathu silinakhudze nyanja yamchere, choncho mayina a Chichewa a mbalamezi sitinawapeke. Ndizitchula monga amazitchulira eni ake a ku Seychelles m'chinenero chawo cha Kreol, pena m'Chingerezi.

Yochuluka kuposa zonse ndi golet, imene m'Chingerezi amati sooty tern: yakuda kumsana, yoyera kumimba, mchira wamphanda ngati wa namzeze. Pali makwa, yoderako thupi lonse koma pamutu potuwa ngati yadzola phulusa. Pali golan, yoyera mbee, maso akuda bii. Ndi imene inajambulidwa pa ndege za Air Seychelles. Pali payanke, yoyera, ya nthenga ziwiri zazitali kumchira ngati yasomeka udzu, ndipo dzinalo likunena zomwezo, udzu kumchira. Pali fouke, imene imakumba una ngati mbewa. Ndiye pali chimbalame chakuba, frigatebird, chimene tichikambe pachokha.

Bwanji zimasankha tizilumba takutali chonchi, mtunda uli mbwee?

Taganizani nkhuku yoikira pabwalo poyera, popanda khola, m'mudzi wa agalu, amphaka, ng'azi ndi anyamata a malegeni. Ingaswe angati? Mbalame zambiri za m'nyanja zimaikira pansi kapena pamtengo waufupi, ndipo mwana amakhala pamenepo miyezi iwiri kapena kuposa asanauluke. Malo okhawo amene zingachite zimenezi ndi amene chilombo choyenda ndi miyendo inayi sichinafikepo. Chifukwa chachiwiri ndi chakudya. Golet simira pansi pa madzi ngati mphipi za kunyanja kwathu. Imadikira nsomba zikuluzikulu za tuna zithamangitse tinsomba ting'onoting'ono mpaka pamwamba pa madzi, iyo n'kumangotola ikuuluka. Kachilumba ka pakati pa nyanja kamaiyandikizitsa kumunda kwakeko. Asodzi a tuna nawonso amayang'ana kumene kwaunjikana mbalame kuti adziwe kumene kuli nsomba.

Mukati zambiri, mukutanthauza zingati? Anaziwerenga ndani?

Chilumba cha Bird Island chili pamtunda wa makilomita pafupifupi 100 kumpoto kwa Mahé, chilumba chachikulu cha dzikolo. Ndi kachilumba ka mchenga, kosalala, koti mungakazungulire wapansi musanamve njala. Kumpoto kwa kachilumbako kumaikira golet zimene pa zaka zabwino zafikapo mabanja pafupifupi 700,000. Mabanja, osati mbalame. Muwirikize kawiri.

Powerenga sachita kuloza imodziimodzi. Amachita ngati mlangizi woyerekeza zokolola: amakhoma zikhomo m'malo osiyanasiyana, pachikhomo chilichonse n'kuzunguliza chingwe cha muyeso umodzi, n'kuwerenga mazira amene ali m'kati mwa bwalolo. Popeza banja lililonse limaikira dzira limodzi, dzira ndiye banja. Akapeza kuchuluka kwa mazira pa kamalo kamodzi amachulukitsa ndi kukula kwa dera lonse. Zina amaziveka mphete yachitsulo ya nambala kumwendo, ndipo mphetezo ndi zimene zinaulula kuti golet imatha kukhala ndi moyo zaka zoposa 30.

Koma nambala sikuuzani za phokoso. Ndinatsika m'kandege, injini n'kuzima, phokoso osazima. Usiku wonse, usana wonse, ngati msika wa Lizulu, depoti ya mabasi ndi bwalo la Bingu pa tsiku la Bullets ndi Wanderers mwaziphatikiza. Usiku woyamba ndinagona mochedwa. Usiku wachitatu ndinali nditaleka kulimva.

Zisa zake zimaoneka bwanji?

Apa ndiye pamene ndinasiya kudzitama kuti mbalame ndimazidziwa. Ife tikati chisa timaganiza za udzu wolukidwa bwino, ngati zija zimalendewera pa bango m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe. Kumeneko ambiri mwa eni akewo samanga n'komwe.

Golet imangopalasa mchenga pang'ono, kadzenje kosakwana n'chikhatho chomwe, n'kuikira dzira lamawangamawanga. Mnansi wake ali pamtunda woti akatambasula khosi milomo imatsala pang'ono kukhudzana. Malire ake ndi amenewo. Wina akalumpha malire, kaya ndi mwana wosochera, amajomphedwa popanda chisoni. Kholo likabwera kuchokera kunyanja limapeza mwana wake pakati pa zikwi zonsezo pomva mawu ake, ndipo wa eni silimudyetsa.

Golan ndiye inandisokoneza mutu. Siyala chilichonse, ngakhale kaudzu kamodzi. Imapeza kamphako kakang'ono kapena mphanda pa nthambi yopanda kanthu, n'kuikapo dzira, n'kulikhalira. Ndinaima pansi pa mtengo wina pafupifupi theka la ola kudikira kuti dziralo ligwa liti. Kholo lina litabwera kudzalandira linzake, lokhaliralo silinadzuke chodzambatuka ayi, linatsetserekera chammbuyo pang'onopang'ono, dzira n'kutsala poyera, mphepo ikugwedeza nthambi, linalo n'kufika mwaulemu n'kuliphimba. Mwana akaswa amabadwa ndi zikhadabo zolimba zogwirira nthambi. Mphepo ikakula ena amagwa ndithu, ndipo kholo limadzaikiranso. Pobweretsa chakudya golan imandandalika tinsomba tingapo chopingasa pamlomo, ngati usipa pa thandala.

Makwa wa mtundu waung'ono ndiye amene amayesako: amatola masamba ofota n'kuwamata ndi zitosi zake pa nthambi. Mtengo umodzi umakhala ndi zisa makumimakumi. Payanke imakhala pansi patsinde pa mtengo, pakati pa mizu kapena m'mphako, mchira wake wautali uja utapindikira m'mwamba. Mwana wake amaoneka ngati mpira wa thonje wokhala ndi mlomo. Fouke imalowa muuna, ndipo imabwera kumtunda kukada. Kulira kwake usiku kumafanana ndi kwa khanda, moti amalinyero akale ankati zilumba zina kuli mizukwa. Kwathu kuno bwenzi titaitana kale asing'anga.

Dzira limodzi lokha? Nkhuku yathu ikhalira khumi ndi awiri.

Limodzi. Nkhuku chakudya chili pakhomo, anapiye amatola okha tsiku lomwelo. Mbalame ya m'nyanja imauluka ulendo wautali kukasaka, pena kuchoka m'mawa kubwera usiku, pena kugona konko, ndipo zimene yanyamula m'mimba zimakwanira kamwa limodzi. Dzira la golet limakhaliridwa pafupifupi masiku 28 mpaka 30, bambo ndi mayi akusinthana. Mwana amauluka patapita pafupifupi miyezi iwiri. Akangouluka amapita, ndipo amatha zaka zingapo ali m'mlengalenga pamwamba pa nyanja osaponda pansi, chifukwa nthenga zake zimanyowa akakhalitsa pamadzi. Amadzabwerera kudzaikira ali ndi zaka zisanu kapena kuposerapo.

Ndiye muone: mbalame yobereka mochedwa, kamodzi pachaka, mwana mmodzi, imadalira kukhala ndi moyo wautali. Pa chilumba cha Midway ku Pacific kuli albatross (chimbalame chachikulu cha m'nyanja) yaikazi yotchedwa Wisdom imene inavekedwa mphete mu 1956, ndipo kumapeto kwa 2024 inaikiranso dzira. Mukapha kholo limodzi la mbalame zoterezi mwapha ana a zaka makumi awiri zikubwerazo.

Nanga chimbalame chakuba chija?

Frigatebird. Mapiko ake akatambasuka amapitirira mamita awiri, koma thupi lake silemera kuposa tambala wabwino. Ndi mbalame ya m'nyanja yosatha kutera pamadzi. Ikanyowa ndiye kuti zake zada. Imatola nsomba zouluka pamwamba pa mafunde, ndipo madzulo imadikirira anzake akuchokera kosaka. Imathamangitsa imodzi, kuikoka mchira, kuizunguza mpaka isanze, ndipo imawakha masanziwo asanagwere m'madzi. Yaimuna ikamafuna mkazi imatupitsa thumba lofiira lapakhosi ngati chibaluni. Ku Seychelles zimaikira ku zilumba za Aldabra, kutali kummwera chakumadzulo, koma zimafika ku zilumba zinazi kudzagona m'mitengo. Akatswiri amene anazimangirira timakina pa chilumba cha Europa, pakati pa Mozambique ndi Madagascar, anapeza kuti ina imatha miyezi iwiri ili m'mwamba osatera.

Sizithawa munthu?

Sizithawa, ndipo vuto lili pomwepo. Mbalame ya kwathu imadziwa legeni, imadziwa ulimbo. Mukangowerama ngati mukutola mwala yapita. Za kumeneko sizinaphunzire mantha. Payanke imakuyang'anani muli pafupi moti mungaigwire. Munthu amayamba kuganiza kuti ndiye kuti sakuisokoneza, n'kusendera, n'kusenderanso kuti chithunzi chikome.

Koma kholo likadzuka pa dzira, ngakhale kwa mphindi zochepa, dzuwa la kumeneko limaotcha dziralo. Pa chilumba cha Cousin pali abuluzi onenepa ambirimbiri amene ntchito yawo ndi kudikira dzira losiyidwa kapena logwa. Pamchenga pali nkhanu. Ndipo mukadzidzimutsa golet imodzi zimadzuka mazana, ana n'kubalalika kulowa m'malire a eni, kumene amakajomphedwa.

Ine ndemwe ndinalakwitsa. Pa Cousin, tikukwera kaphiri ka pakati pa chilumbacho, ndinapatuka panjira masitepe awiri okha kuti ndijambule golan. Phazi langa linangoti fwa, kulowa mpaka m'kakolo. Ndinali nditagumula una wa fouke. Mnyamata wotiyendetsa sanandikalipire. Anagwada, n'kupisa dzanja mpaka m'phewa, n'kufukula dothi ndi zala pang'onopang'ono. Munali mopanda kanthu. Anadzuka, n'kusasa m'manja, n'kungoloza njira. Manyazi amene ndinamva sindinawamveponso chichokereni ku pulayimale.

Lamulo lake ndi lophweka. Yendani m'njira imene yaikidwa. Mbalame ikatukula khosi, ikayamba kulira molunjika inu kapena kudzuka pang'ono pa dzira, mwayandikira kwambiri, bwererani. Khalani pansi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo zonse zimene ndafotokoza pamwambapa ndinaziona nditakhala, osati ndikuyenda.

Nthawi yabwino yopitira ndi iti?

Nthawi ya mwera. Mphepo ya kummwera chakummawa imene imavutitsa asodzi ku Salima ndi ku Nkhotakota m'miyezi yozizira imaombanso ku Seychelles kuyambira Meyi mpaka cha mu Okutobala, ndipo golet ndi makwa zimaikira nyengo imeneyo. Juni ndi mwezi wa mazira, Julaye ndi Ogasiti wa ana. Pofika kumapeto kwa Okutobala bwalo lija limatsala lokhalokha. Golan ndi payanke mungazipeze pa mazira mwezi uliwonse. Dziwani kuti mwera womwewo umawindutsa nyanja, choncho amene mumachita nseru m'boti mukonzekere.

Kuchokera ku Lilongwe mumayenda bwanji?

Kuchokera pa bwalo la ndege la Kamuzu mumadzera ku Nairobi, Addis Ababa kapena Johannesburg, n'kukatera ku Mahé. Seychelles safuna viza, koma mumayenera kupempha chilolezo cholowera pa intaneti musananyamuke, n'kuonetsa kumene mukagone ndi tikiti yobwerera. Ku Bird Island ndi ulendo wa pafupifupi theka la ola pa kandege kakang'ono. Ku zilumba za Cousin ndi Aride mumapita pa boti kuchokera ku chilumba cha Praslin, n'kubwerako tsiku lomwelo. Za mtengo sindikunamizani, ndi wowawa, ndipo ndalama zakunja mukudziwa mmene zikuvutira. Ine ndinasunga zaka, ndipo galimoto imene ndinkafuna kugula sindinagule.

Nditenge chiyani?

Chipewa, ndipo chikhale choti simudandaula nacho, chifukwa zitosi zimagwa ngati mvula yowaza. Mabinoculars ngati muli nawo, ngakhale kuti kumeneko maso okha amakwana. Kope ndi pensulo; bolopeni imakana pepala likanyowa. Mankhwala othamangitsa udzudzu: malungo kulibe ku Seychelles, koma udzudzu wa pa Cousin umaluma ngati uli ndi ngongole nanu. Foni muikulunge m'jumbo. Madzi akumwa.

N'chifukwa chiyani boti limene mwabwera nalo silifika kugombe?

Chifukwa cha makoswe. Pa Cousin boti la alendo limaima pamadzi, ndipo oyang'anira chilumbacho amadzakutengani pa boti lawo, limene amalithamangitsa mpaka kukwera nalo pamchenga. Gwiritsitsani. Amachita zimenezi kuti khoswe wobisala m'boti lachilendo asatsike. Khoswe mmodzi wa bere ndi wokwanira kutha chilumba: amadya mazira, amadya ana, ndipo mbalame zimene sizidziwa mdani zimangoyang'ana.

Cousin ndi kachilumba ka mahekitala osakwana 30. Kanali munda wa kokonati mpaka 1968, pamene bungwe limene lero limatchedwa BirdLife International linakagula pofuna kupulumutsa kambalame kakumtunda, Seychelles warbler, kamene kanatsala tosakwana 30 padziko lonse. Mitengo yachilengedwe itabwerera, mbalame za m'nyanja nazo zinachuluka. Lero akuyang'anira ndi a Nature Seychelles. Aride inagulidwa mu 1973 ndi Christopher Cadbury, wa banja la chokoleti lija, kuti isungidwe. Pa Bird Island anachita kudula kokonati kumpoto kuti golet zipeze poikira, makoswe n'kuwatha ndi mankhwala.

Kafukufuku wa ku zilumba za Chagos amene anatuluka mu 2018 anayerekeza zilumba za makoswe ndi zopanda makoswe. Zopanda makoswe zinali ndi mbalame zochuluka kuwirikiza koposa 700. Chodabwitsa n'chakuti nsomba za m'mbali mwa zilumba zimenezo zinkakulanso msanga, chifukwa zitosi zimakokoloka n'kukathira manyowa m'madzi.

Zitosi zimenezo sizingakhale feteleza? Thumba lakwera mtengo kuno.

Funso la mlimi weniweni, ndipo ena analiganiza kale. Zitosi za mbalame za m'nyanja zimatchedwa guano, ndipo feteleza wa m'fakitale asanabwere zinali chuma chokanganirana. Dziko la Peru linalemera nazo kuyambira cha m'ma 1840, zikukumbidwa pa zilumba za Chincha. Mu 1856 dziko la America linakhazikitsa lamulo lolola nzika zake kutenga chilumba chilichonse chopanda mwini chimene pali guano. Pa Bird Island pomwepo anakumbapo matani 17,000 pakati pa 1896 ndi 1906, kupita nawo ku minda ya nzimbe ku Mauritius. Pa Assumption, kufupi ndi Aldabra, anapala dothi ndi mitengo yomwe, ndipo mbalame zimene zinkaikira pamenepo zinatha. Zimene zinaunjikana zaka mazanamazana zinatha m'zaka zowerengeka. Zitosi za nkhuku zanu ndi za nkhunda zimagwira ntchito yomweyo, samalani zimenezo.

Mazira ake amadyedwa?

Amadyedwa, ndipo anthu a ku Seychelles amawakonda monga ife tikondera ngumbi kapena mbewa nyengo yake ikafika. Mazira a golet akhala akutoledwa kuyambira kale, makamaka pa chilumba china chotchedwa Desnoeufs. Boma limaika nyengo ndi malo otolera, ndipo zaka zina limaletseratu chiwerengero chikatsika. Sindinapite kumeneko kukaweruza eni dziko. Ife a kuno tili ndi nkhani yathu ya mbalame za ku Chilwa, zimene zimakodwa zambirimbiri chaka chilichonse, makamaka nsomba zikasowa. Koma mlendo asatole dzira, ngakhale looneka losiyidwa.

Zimamwa chiyani, poti madzi onse ndi amchere?

Omwewo. Pamwamba pa maso zili ndi tiziwalo tosefa mchere m'magazi, ndipo mcherewo umatuluka m'mphuno ngati timadontho. Mukaona mbalame ikupukusa mutu ngati ili ndi chimfine, ikutaya mchere.

Pali choopsa chilichonse?

Dzuwa, mafunde potsika m'boti, ndi nkhupakupa za mbalame mukakhala pansi pafupi ndi zisa. Mbalame yakufa kapena yodwala musaigwire. Chimfine cha mbalame chinapha mphipi za m'nyanja zikwizikwi ku South Africa mu 2021. Mukaona makwa ili pansi, nthenga zitamatirira tinjere, uzani oyang'anira. Ndi njere za mtengo wa mapou, zomata ngati ulimbo, ndipo zikachuluka mbalame imalephera kuuluka n'kufa. Mtengo womwe imamangapo chisa. Oyang'anira amadziwa kuzichotsa osathyola nthenga. Akamba akuluakulu amene amayendayenda pa zilumbazi alibe vuto ndi munthu. Wa pa Bird Island wotchuka uja, Esmeralda, amalemera pafupifupi makilogalamu 300, ndipo ngakhale dzinalo ndi lachikazi mwini wake ndi mwamuna.

Ine za ndege sindingazithe. Kuno kwathu ndingaone chiyani?

Ili ndi funso limene ndimalikonda, ndipo anandifunsa ndi mayi ena ophunzitsa ku sekondale amene amayendetsa kalabu ya zachilengedwe. Mayi, nyamukani ndi ana anuwo m'mawa, msewu wa Salima, maola awiri muli ku Senga Bay. Kachilumba kamene mukaone patsogolo panu ndi Namalenje. Miyala yake yoyera ija si laimu, ndi zitosi za mphipi, ndipo ng'azi za pamenepo zimadikira mazira monga achitira abuluzi a pa Cousin. Kummwera, pakati pa Monkey Bay ndi Mangochi, kuli Boadzulu, chilumba chimene chimadziwika ndi mphipi za pachifuwa poyera zoikira m'mitengo ndi m'miyala. Chili m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, choncho yambani mwafunsa a zamapaki. Panyanja pathu pamauluka ngakhale abale ake a golet, timbalame toyera ta mapiko osongoka timene timatola tinsomba ndi nkhungu pamwamba pa madzi.

Mphipi si golet: imaikira mazira atatu kapena anayi, imamira, ndipo ikatuluka imayanika mapiko padzuwa. Koma kaonedwe kake n'kamodzi. Muuze mwini boti azimitse injini patali, musatsike pamene pali zisa, ana asaombe m'manja kuti mbalame ziuluke. Aliyense asankhe chisa chimodzi, achiyang'ane kwa theka la ola, alembe kuti kholo labwera kangati, lakhala nthawi yaitali bwanji, mwana wadya motani. Bungwe loona za nyama ndi chilengedwe la WESM, limene linayamba mu 1947, lili ndi nthambi kuno ku Lilongwe, ndipo kuli anthu odziwa mbalame amene mungayende nawo. Poyeserera, Loweruka m'mawa ku nkhalango ya Lingadzi pakati pa mzinda ndi pokwanira.

Alamu anga aja ndinapita nawo ku Senga Bay mwezi wathawu. Anakwera boti akudandaula za nsapato zawo. Titayandikira Namalenje mphipi ina inatera pachisa, mwana n'kulowetsa mutu wonse kukhosi kwa make mpaka m'mapewa. Alamu anandilanda mabinoculars osapempha, ndipo anandibwezera tili pa Salima pogula nsomba.